Mutu 6: Mpando Wotsala

1. Nyumba ya pansi pa ndege

Kwawo kwa Kambalame ndege zinkadutsa pamwamba penipeni pa denga. Ikamatera ya m'mawa makapu ankagundana okha m'kabati, ndipo amayi ake ankasiya kaye zimene akunena, phokoso likatha n'kupitiriza pomwe analekezera. Alendo ankatseka m'makutu. Eni nyumba anali atazolowera, kupatula mtsikanayo. Iye kuyambira ali kamwana ankathamangira panja, maso kumwamba mpaka khosi kuwawa. N'chifukwa chake bambo ake anamutcha Kambalame, dzina lake lenileni n'kumangomveka kusukulu kokha.

Bambo akewo ankagwira ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu pabwalo la ndege. Malipiro awo sanali oti munthu n'kuyenda modzigomera, koma ntchitoyo inali ndi kamwayi kamodzi: wantchito ndi ana ake ankaloledwa kukwera ndege za kampaniyo osalipira. Kungoti tikiti yotere ilibe mpando wakewake. Umaima pambali mpaka onse olipira atalowa. Mpando ukatsala, umakwera. Ukapanda kutsala, umanyamula chikwama chako n'kubwerera kumene wachokera. Antchito ankaitchula kuti tikiti ya mwina.

Wolembetsa matikiti amenewa pa foni ya bambo ake anali Kambalame. Bambowo ankati zala zozolowera masutikesi sizimvana ndi tizilembo ta pa foni, akafuna kudina kamodzi amadina titatu. Choncho nambala yawo yachinsinsi mwanayo ankaidziwa kuposa eni ake.

Sabata imeneyo m'nyumba munali zii ngati mwagona wodwala. Lolemba m'mawa Kambalame ankayamba mayeso omaliza a sekondale, ndipo pepala loyamba linali la masamu. Aphunzitsi aakulu anali atanena mosapsatira kuti wosafika tsikulo adzalemba chaka chamawa. Amayi ake anamuletsa kuchapa, kusesa, ngakhale kutsuka mbale. Ntchito yake inali mabuku basi.

Koma Lachisanu masana foni yake inanjenjemera pansi pa pilo. Anali Mlakatuli, mnyamata wa m'dera lomwelo amene chaka chatha ankamulembera ndakatulo kuseri kwa mapepala a sayansi. Tsopano ankaphunzira pa koleji ku mzinda wa kudoko, ndipo makolo a Kambalame sankadziwa n'komwe kuti pali nkhani. Mwezi wathunthu mnyamatayo anali chete. Lero anangolemba mawu ochepa: ali ndi chinsinsi chimene sangachinene pa foni, ndipo akapanda kumuuza Lamlungu lomweli mwina sadzamuuzanso.

Kambalame anawerenga uthengawo mpaka kuuloweza. Anatsegula buku, anatseka. Anakhala pabedi, anaimirira, anapita pawindo. Ndege yamadzulo inadutsa magetsi ake akuphethira, ikulunjika komweko.

2. Wabodza wamapiko

Loweruka chakumadzulo bambo ake anakhala pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Kambalame anawabweretsera thaulo n'kukhala pa sitepe, buku la masamu lili pamiyendo. Anafunsa ngati munthu wongofuna chitsanzo cha funso la liwiro ndi mtunda: kodi ndege imatenga nthawi yotani kukafika ku mzinda wa kudoko?

Bambowo anati ola limodzi ndi theka, mphepo ikakhala yabwino. Amayi ake, amene ankasita yunifolomu chapakhomo, anati ngati n'choncho kudoko n'kufupi kuposa kwa azakhali a mwanayo, chifukwa minibasi ya kumeneko imaima pa siteji iliyonse ngati galu pa mitengo. Onse anaseka. Kambalame ananena chapansipansi kuti ndiye si patali.

Bambo ake anatulutsa phazi limodzi m'madzi n'kumuyang'ana.

"Si patali? Tamvera, mwana wanga. Ndege ndi wabodza wamapiko. Imatenga mtunda wa makilomita chikwi n'kuupinda ngati mpango, iwe n'kumati wayenda pang'ono. Sunayende pang'ono ayi, wangonyamulidwa. Mtunda uja sunapite kulikonse. Uli pompo pansi ukukudikira, mapiri ake, milatho yake, misewu yake yokumbika. Tsiku limene ndege yakukana m'pamene umaudziwa. Ine ndinauona ndi msana wangawu, iwe usanabadwe. Ndinapita pa ndege m'mawa nditavala jekete yobwereka, ndikuti ndikangodya nkhomaliro madzulo ndili kuno. Pobwera ndinakwera basi. Usiku wonse, usana wonse, kufika kuno kutadanso. Ndinatsika miyendo itatupa ngati mitondo. Ndiye ukamafunsa kutalika kwa malo usamafunse wouluka, uzifunsa woyenda pansi. Ndipo usamapite kumene sungabwereko ndi mphamvu zako, pamene kwanu kuli chinthu chokudikira."

Amayi ake anati jekete imeneyo mwini wake anaifunsa mpaka kutopa. Bambowo anati nkhani ya jekete yalowa bwanji pa maphunziro a mwana, ndipo kuseka kunabwereranso pakhonde.

Pa kusekako m'pamene Kambalame anaponyera pempho lake. Anati mawa akufuna akawerenge tsiku lonse kwa mnzake wa m'kalasi, chifukwa kumeneko ndege sizisokosa. Bambo ake anavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Amayi anangoti asachedwe kwambiri, adzagone msanga.

Atatenga foni ya bambo ake kuti akaitchaje, anadzitsekera kuchipinda. Ndege ya m'mawa inali ndi mipando yambiri yopanda anthu. Yomaliza yamadzulo, yobwerera, nayonso chimodzimodzi. Analembetsa dzina lake kupita ndi kubwera, kenako anafufuta uthenga umene kampani inatumiza.

3. Kuseri kwa mpango

Lamlungu anatuluka ndi chikwama cha mabuku n'kutsata njira ya kwa mnzake mpaka nyumba itabisika, kenako anakhota n'kuthamangira ku bwalo la ndege. M'chimbudzi cha pabwalopo anadzikulunga mpango kumutu mpaka m'masaya. Mwayi wake, pa desiki panali mtsikana watsopano wosamudziwa. Olipira atatha, anamupatsa mpando wa pawindo ngati akumupatsa switi.

Chovuta chinali panja. Kuchoka pageti kukafika pa masitepe a ndege anthu ankayenda pansi, ndipo pambali pa mzerewo, pafupi ndi mimba ya ndege, panali ngolo ya katundu. Bambo ake anali pomwepo, atavala chovala chawo chowala ndi zotseka m'makutu, akuponya masutikesi pa lamba. Kambalame anabisala kuseri kwa munthu wina wonenepa n'kumaponda pomwe iye akuponda. Sutikesi ina inagwa, bambo ake anawerama kuti aitole. M'mene ankaweramuka, mwana wawo anali atalowa.

Ali pawindo anawaona bwino. Anali asanawaonepo ali pa ntchito moyandikira chonchi. Akafuna kutola katundu wolemera ankayamba agwira kaye m'chiuno. Ndege itayamba kubwerera m'mbuyo anaimika dzanja n'kuibayibitsa, monga ankachitira ndi ndege iliyonse. Kambalame anatsitsa chotchinga cha pawindo.

M'mwamba mtima unayamba kukhala pansi. Anakwezanso chotchinga chija. Misewu inali ngati ulusi wotayika, mitsinje ngati misempha ya padzanja, mapiri ngati makwinya a bulangeti. Anamupatsa tiyi. Asanamalize n'kuganiza zimene akanene kwa Mlakatuli, nyanja inaonekera ndipo anawauza kuti amange malamba. Anaseka yekha. Mtunda woopsa wa bambo ake uja unali utathera m'kapu imodzi ya tiyi.

4. Chinsinsi cha Mlakatuli

Mlakatuli, amene Kambalame anali atamudziwitsa za kubwera kwake, anamudikira kutsidya kwa msewu wa pabwalo la ndege. Anali ataonda, tsitsi litakula, nsapato imodzi itayasama kutsogolo. Anamugwira dzanja n'kumuuza kuti watalika. Kambalame anati iyeyo ndiye wafupika, n'kuseka, koma anaseka yekha.

Ankayembekeza kuti amutengera ku koleji akaone mitengo ndi laibulale zimene ankazitama m'mauthenga. M'malo mwake anakwera basi mpaka kudoko n'kukakhala pa kampanda ka simenti, moyang'anizana ndi sitima zikuluzikulu. Anagula buledi ndi zakumwa. Analankhula za anzawo akale, za aphunzitsi a sayansi, za mbalame zoyera zimene zinkalimbirana nyenyeswa. Kambalame akafunsa za chinsinsi, mnyamatayo ankati adikire kaye. Dzuwa linadutsa pamutu. Mtsikanayo ankangosunthasuntha pa kampandapo ngati wakhalira nyerere.

Kenako chinatuluka, ndipo sichinali chimene iye ankalota.

"Ku koleji anandichotsa," anatero Mlakatuli, maso ali pa madzi. "Mayeso a chaka choyamba sindinalembe onse. Ndinkayenda ndi anyamata oimba, ndikumati ndidzalemba obwereza. Obwerezawo anandikaniza. Mawa ndikukwera sitima yofiira iyo, ndikagwira ntchito kukhitchini. Kwathu akudziwa kuti ndili m'kalasi. Ndiwe wekha ndakuuza. Lumbira kuti suuza munthu."

Kambalame anayang'ana sitimayo, yadzimbiri m'mbali monse. Anafuna kumufunsa zambiri, anafuna kumumenya ndi chikwama, anafuna kulira. Koma mnyamatayo anali atamugwira manja onse awiri, ndipo analumbira.

Kunyanja kunayamba kuda, mphepo n'kuzizira. Kambalame atadzidzimuka kuti nthawi yatha, Mlakatuli anamuuza kuti asade nkhawa, kwawo si patali. Anamuperekeza mpaka pa basi, mvula ikuyamba kudontha.

5. Pambali

Pabwalo la ndege anapeza anthu ali pikitipikiti, ena atakhalira masutikesi, ena akukangana ndi antchito. Ndege yamasana sinanyamuke chifukwa cha mphepo, ndipo onse amene anayenera kukwera imeneyo anawasamutsira ku yamadzulo. Mipando imene anaiona dzulo pa foni inali itapeza eni ake.

Pageti panali mayi wachikulire wa magalasi olendewera pa tcheni. Anayang'ana tikiti n'kumulozera pambali, pamene panaima kale antchito atatu a kampaniyo, nawonso a tikiti ya mwina. Kambalame anaima pambuyo pawo. Mzere wa olipira unkayenda, iye akuwerenga mitu, akulakwitsa, akuyambiranso. Anakhala pansi, anadzuka. Anatulutsa buku la masamu, manambala akungosambira m'maso. Foni yake inalira. Amayi ankafunsa ngati wayamba kubwera. Anawalembera kuti atsala pang'ono kumaliza.

Mipando iwiri yokha inatsala, ndipo inapita kwa antchito awiri okhalitsa. Wachitatu anangopukusa mutu n'kunyamula chikwama, akuti akagona kwa mlamu wake.

Kambalame anapita pa desiki. Anafunsa za ndege ina. Mayiyo anati yotsatira ndi ya mawa chakumasana. Anafunsa za basi. Mayiyo anati ikanyamuka lero ifika mawa madzulo. Apo m'pamene mtsikanayo ananena za mayeso.

Mayiyo anavala magalasi ake n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayeso mawa m'mawa, iwe uli kuno pa tikiti ya mwina? Mwanawe, ine pageti pano ndaimapo zaka zambiri, ndipo ana a antchito ndinu amene mumandiliza. Mwana wa wolipira amaopa ulendo, chifukwa amadziwa thukuta limene makolo ake akhetsa. Inu mumakwera ndege ngati mukupita ku golosale. Ndaonapo mkwati atatsala pa benchi ilo, diresi lili m'manja. Ndaonapo mnyamata akudzigudubuza pansi chifukwa amayi ake anaikidwa m'manda iye ali pompano. Onsewo ankati dzulo mipando inalipo. Mipando ya dzulo sakhalira, mwanawe. Chaulere chimabwera pa nthawi yake, osati pa yako. Tsiku limene sungathe kuchedwa usamalipereke m'manja mwa mwina."

Atamaliza kumukalipira anatsitsa mawu. Anati kumbuyo kwa ndege, pafupi ndi pokonzera tiyi, kuli kampando kopinda ka antchito. Woyendetsa ndege akavomera, mwana wa wantchito angathe kukhalapo. Koma lamulo lake n'lakuti kholo lake, mwini tikitiyo, atsimikize yekha pa foni kuti mwanayo ndi wake ndipo ulendowo akuudziwa.

Kambalame anayang'ana foni ya pa desiki. Anapempha kuti mwina aimbire munthu wina. Mayiyo anati palibe wina, ndipo chitseko chitsekedwa posachedwa. Anamusiya kaye n'kulankhula ndi woyendetsa ndege pa wailesi ya m'manja. Woyendetsayo anavomera.

"Ndiimbe kapena ndisaimbe?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Imbani."

6. Mawu a pa foni

Mayiyo anakweza mawu a foni ya pa desiki kuti onse awiri azimva. Inaitana kangapo, kenako bambo ake anayankha, kumbuyo kwawo kukumveka kanema ndi masipuni. Mayiyo anawauza kuti akuimba kuchokera pageti la kudoko, ndipo pali mtsikana amene akuti ndi mwana wawo.

Bambowo anaseka.

"Kudoko? Ayi mayi, mwalakwitsa. Mwana wanga ali kwa mnzake, akuwerenga. Mawa ali ndi mayeso. Ameneyo sanama. Ngati pali wina akuyendera dzina lake, ndi wakuba. Mumugwire."

Mayiyo anakweza nsidze, dzanja lake n'kulunjika pa wailesi. Bodza lija linali litagwira ntchito kuposa mmene mwini wake ankafunira. Kambalame anawerama pa desiki.

"Bambo, ndine."

Kanema uja anazimitsidwa. Mawu a amayi ake anamveka chapatali akufunsa kuti ndi ndani.

"Kambalame?"

"Ndine, bambo. Ndinakunamizani. Ndinalembetsa ndekha pa foni yanu."

Mayi wa pageti anatsokomola. Anati asanapitirire, bambowo akumbukire lamulo: tikiti yolembetsedwa mwini wake asakudziwa imafafanizidwa pomwepo, ndipo wokwerayo sakwera. Choncho afunsanso kamodzi, ndipo chimene ayankhe n'chimene iye amve. Kodi ulendowu akuudziwa?

Wailesi inalira, a m'ndege akufunsa ngati atseke chitseko.

"Ndikuudziwa," anatero bambowo, mawu atalemera ngati a munthu amene wasenza katundu. "Ndinalembetsa ndine. Ukalamba, mayi, ndinaiwala. Mukwezeni mwana wanga."

Sanapemphe kulankhula nayenso. Foni inadulidwa.

Mayiyo anasindikiza kapepala n'kumupatsa.

"Wamva chimene wawachititsa bambo ako? Thamanga."

Anathamanga m'mvula, anakwera masitepe, anadutsa pakati pa mipando maso onse ali pa iye, mpaka kumbuyo kwenikweni. Kampandoko kanali kolimba, malamba ake odutsa m'mapewa. Chitseko chinatsekedwa, injini zinayamba kulira. Mayeso alemba, zimenezo zinali zitatheka. Koma misozi inkangotsika yokha, ndipo mpango uja unatsetsereka n'kugwera pamiyendo.

Wantchito wa m'ndege atamaliza kuyendera anthu anabwera n'kukhala pa kampando koyandikana, nayenso n'kumanga malamba. Anamupatsa kansalu kopukutira. Kenako anapendeketsa mutu.

"Iwe si Kambalame, mwana wa bambo a katundu aja?"

Kambalame anadzutsa maso. Anali achemwali ake a Mlakatuli, amene m'dera lonse ankadziwika ndi kudzitama kuti mlongo wawo adzakhala injiniya.

"Ndiye wachokera kwa mlongo wanga eti? Usabise, ndakatulo zija ndinkaziona," anatero akumwetulira. "Ine foni yanga sakuyankha masiku ano. Mwayi wanga wakhala pompano. Tandiuze zonse, sukulu ikumuyendera bwanji?"

Ndege inayamba kuthamanga. Malamba anamukanikiza pa mpando, ndipo panalibe kothawira.